Droni isamauluke pamitu pa anthu

Pa chionetsero china cha zaulimi ku KwaZulu-Natal ndinaona kandege kopanda munthu mkati, kotchedwa droni, kakupopera mankhwala m'munda wa nzimbe. Alimi titayamba kukhamukira pafupi, mnyamata wokaulutsa anakatsitsa n'kutibweza tonse kuseri kwa chingwe. Ena anang'ung'udza, inenso ndili momwemo.

Komatu mnyamatayo sanalakwe. Malamulo a ku South Africa, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2015, amaletsa kuulutsa droni pamwamba pa anthu kapena pamtunda wochepera mamita 50 kuchokera pomwe aima, pokhapokha pali chilolezo chapadera.

Droni yaikulu ikadzaza mankhwala imalemera kuposa thumba la feteleza la makilogalamu 50. Ikafa ili m'mwamba imagwa ngati mwala, ndipo pakati pa chikhamu munthu alibe kothawira.