Posamutsa ng'ombe, musasiyanitse thole ndi make

Anthu akatha kukolola mu Meyi ndi Juni, ng'ombe za m'midzi yozungulira Dzaleka kuno ku Dowa zimayamba kusintha kodyera. Zimalowa m'minda kukadya mapesi, ndipo chilimwe chikafika pachimake zimatsikira ku madambo. Ena mwa ife timapeza ganyu yoweta, ndipo ana athu amakumana nazo panjira. Ine ndinakulira m'banja loweta ng'ombe, choncho ndikufuna ndifotokoze khalidwe la ng'ombe yoyamwitsa pa ulendo wotere.

Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9. Ikangobereka imanyambita thole lake, ndipo m'maola oyambirirawo imaloweza fungo lake. Pakapita masiku imazindikiranso kulira kwake. Kuyambira pamenepo nthawi zambiri imakana kuyamwitsa mwana wa inzake. Masiku oyamba thole silitsatira gulu. Limagona phee mu udzu wautali pamene make akudya chapafupi, ndipo amabwerera kudzaliyamwitsa.

Vuto limayambira apa. Ziwirizi zikasowana, chilichonse chimabwerera pamalo pomwe zinaonana komaliza, makamaka pomwe thole linayamwa. Mbusa akathamangitsa gulu, ng'ombe zazikulu zimatsogola poona msipu watsopano, mathole nkutsalira m'mbuyo. Thole likaona kuti make palibe, limatembenuka nkuthamangira ku msipu wakale. Make naye akazindikira, amalira nkubwerera, osasamala msewu wa magalimoto kapena dimba la munthu. Mapeto ake ndi thole logwidwa ndi agalu, kapena mlandu wa ndiwo zodyedwa kwa amfumu, ndipo woweta ndi amene amayankha.

Njira yopewera ndi yosavuta. Musananyamuke, dzutsani mathole onse ogona mu udzu ndipo dikirani kuti lililonse lipezane ndi make ndi kuyamwa. Nyamukani m'mawa kusanatenthe, ndipo liwiro la gulu likhale la thole laling'ono kwambiri. Munthu mmodzi atsogole kuti zakutsogolo zisathamange, wina akhale m'mbuyo. Mukafika, musazisiye nthawi yomweyo. Ziimitseni pamodzi mpaka kulira kutatha. Ng'ombe ikamalirabe itayang'ana komwe mwachokera, dziwani kuti mwana wake watsala, ndipo ndi bwino kubwerera nayo chifukwa idzamupeza msanga kuposa inu. Thole la masiku awiri kapena atatu lisayende ulendo wautali, litsale ndi make pafupi ndi khola.

Mawu ena apite kwa makolo. Ng'ombe yofatsa imasintha ikabereka. Imaona galu ngati chilombo, ndipo ikamuthamangitsa galuyo amathawira kwa mwini wake, ng'ombe ili pambuyo. Uzani ana kuti asadutse pakati pa thole ndi make, asagwire thole lomwe alipeza litagona lokha, komanso asapite ndi galu pafupi. Ng'ombe ikaweramitsa mutu, nkumapukusa nyanga kapena kupalasa pansi ndi chiboda, abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono akuiyang'ana, osaipatsa msana.

Ngati mwalembedwa ganyu yoweta, funsani mwini ng'ombe tsiku loyamba kuti zobereka kumene ndi ziti, ndipo muwerenge naye mathole potuluka m'khola ndi pobwerera madzulo.