Kumvetsa Tanthauzo la Zochita za Mwana M'kalasi

Mphunzitsi aliyense amaona zimene ana ake akuchita, koma si onse amene amafufuza tanthauzo lake. Pa nkhani imeneyi tingathandizidwe ndi akatswiri awiri a za kakhalidwe ka anthu pagulu, Max Weber wa ku Germany ndi Talcott Parsons wa ku America.

Weber, amene anamwalira mu 1920, anaphunzitsa kuti chochita cha munthu chimakhala chokhudza gulu pamene mwini wake achipatsa tanthauzo, naganiziranso anthu ena pochichita. Chitsanzo chake chinali cha okwera njinga awiri. Akagundana mosayembekezera, imeneyo ndi ngozi chabe. Koma akayesa kupewana, kapena akayamba kukangana atagundana, ndiye kuti aliyense akuchita moganizira mnzake. Zochita zotere anazigawa panayi: zofuna kukwaniritsa cholinga, zochokera m'chikhulupiriro chakuti n'zoyenera, zochokera mu mkwiyo kapena chimwemwe, ndi zotsata mwambo.

Tiyeni titenge mwana wa mu Sitandade 3 amene amaweramitsa mutu mphunzitsi akamufunsa funso. Ambiri a ife timafulumira kuganiza kuti sadziwa yankho, kapena kuti akubisa cholakwa. Koma mwina kwawo anamulangiza kuti kuyang'ana munthu wamkulu m'maso ndi chipongwe. Ngati ndi choncho, mwanayo akutsata mwambo, ndipo tikamudzudzula tamulanga chifukwa cha ulemu umene akutipatsa.

M'buku lake la mu 1937 lotchedwa The Structure of Social Action, Parsons anasonyeza kuti m'chochita chilichonse muli zinthu zinayi: wochita, cholinga chake, zomuzungulira (zina angathe kuzisintha, zina ayi), ndi malamulo omuuza njira yoyenera. Mwana wochedwa kufika kusukulu ali ndi cholinga chophunzira, koma sangathe kufupikitsa mtunda, ndipo lamulo la kunyumba limuuza kuti ayambe watunga madzi. Tisanapereke chilango, tifunse kuti mwa zinayizi ndi chiti chimene chamuchedwetsa.

Mu 1959 Parsons analembanso za kalasi yeniyeniyo. Iye anati kunyumba mwana amalandiridwa chifukwa ndi mwana wa pakhomo, pamene kusukulu ana onse amayesedwa ndi muyeso umodzi malinga ndi zimene achita. Motero mwana wongoyamba sukulu ali pakati pa malamulo awiri, ndipo ntchito yathu ndi kumuwolotsa, osati kumuchititsa manyazi ndi za kwawo.

Choncho tikulimbikitsa ophunzira athu opita kukayesera kuphunzitsa kuti asankhe mwana mmodzi amene khalidwe lake likuwavuta, amuyang'anitsitse kwa sabata yathunthu, acheze naye payekha, ndipo alembe zimene mwanayo akufuna ndi zimene zikumutsekereza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chilango choperekedwa tisanamvetse tanthauzo chimangophunzitsa mwana kutiopa, ndipo ena mwa ana otere amaleka sukulu osabweranso.