Momwe Covid-19 Idasinthira Maphunziro a Udokotala

Sukulu zonse m'Malawi muno zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, achemwali anga omwe ankaphunzira udokotala adabwerera kwathu ku Kawale. M'nkhani ino ndifotokoza kusintha komwe ndidaona pa maphunziro awo.

Mliri usadafike, wophunzira udokotala ankayambira m'kalasi, kenako n'kupita m'mawodi a zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth. Kumeneko ankatsatira dokotala wamkulu bedi ndi bedi, kufunsa odwala ndi kuwapima.

Kusintha koyamba kudali kwakuti kalasi idasamukira pa foni. Aphunzitsi ankaphunzitsa pa Zoom ndi kutumiza manotsi pa WhatsApp. Izi zidathandiza kuti maphunziro asaimiretu, koma zinkafuna bandulo ndi magetsi. Magetsi akazima, achemwali ankatsalira. Nthawi zina amayi ankatapa pa ndalama ya ndiwo kuti bandulo ipezeke.

Chachiwiri, ophunzira adatalikirana ndi odwala, ndipo apa mpomwe padagona vuto lalikulu. Mabuku a udokotala ndi a Chingerezi, pomwe odwala ambiri m'Lilongwe amadandaula m'Chichewa. Wina amati "m'thupi mukuphwanya", wina "mtima ukuthamanga", wina "ndili ndi mutu waukulu". Mawu otere sapezeka m'buku. Wophunzira amawazolowera pomvetsera odwala, ndipo akawamva molakwa angathe kuperekanso mankhwala olakwika. Posowa odwala, achemwali ankatiyesa ife odwala awo. Agogo ankafotokoza za nyamakazi yawo, iwo n'kumalemba.

Chachitatu, sukulu zitayamba kutsegulidwa mu Seputembala 2020, ophunzira ankalowa m'wodi ochepaochepa atavala masiki. Kusamba m'manja ndi kuvala zodzitetezera zidasanduka phunziro loyamba, makamaka mu Januwale 2021 pomwe odwala adachuluka mpaka bwalo la masewero la Bingu lidasandutsidwa chipatala. Masiki imabisa nkhope, choncho wophunzira adayenera kulimbitsa mtima wodwala ndi mawu okha.

Pomaliza, ndinene kuti mliriwu udasiyanitsa zinthu ziwiri zomwe kale zinkaoneka ngati chimodzi. Za m'buku zingathe kuphunzitsidwa pa intaneti, koma kumva wodwala kumafuna kukhala naye pafupi. Ife ophunzira ziyankhulo tili ndi gawo pamenepa: kusonkhanitsa mawu omwe odwala amafotokozera matenda awo, kuti dokotala wamawa asadzawamve koyamba ali kale pa ntchito.