Kabilimankhwe kanu katseka diso masana? Apo pali vuto, musacedwe

Mvula ikangoyamba, tubilimankhwe tung'ono-tung'ono tumayamba kuoneka mu maheji, pa mitengo ya mango na mu maluwa a pa yadi. Kale munthu akaona bilimankhwe anali kuthawa, olo kutola mwala. Manje zinthu zasintha. Anyamata na atsikana ena mu komboni amakatola, kukaika mu katoni, kukajambula na foni na kukaponya pa TikTok. Anzao aseka, ena acita mantha, mwini wake wachuka. Papita sabata imodzi olo awili, kamwana kaja kayamba kutseka diso limodzi dzuwa lili pamutu. Mawa lake katseka onse awili. Kaleka kudya.

Ngati ni mwamene zilili kwanu, welengani mpaka pansi. Kanyama kang'ono so kalibe mafuta osunga m'thupi, ndipo masiku amene muli nawo ni ocepa.

Maso ndiye khasu lake

Imwe diso likakuwawani mumamanga kansalu, nsima mudya ndithu. Bilimankhwe sangatelo. Zikope zake zinalumikizana n'kusiya kabowo kamodzi cabe pakati, ndipo diso lililonse limayenda palokha: lina kutsogolo, lina kumbuyo. Akaona ciwala, maso onse awili amaloza pamodzi, amapima mtunda, kenako lilime lija limafyatuka. Lilime lake limatha kutalika kupambana thupi lake lonse. Diso limodzi likafooka angayambe kuvutika posaka. Onse awili akatseka ndiye kuti njala yalowa m'nyumba.

Gwilani mfundo iyi: bilimankhwe wa moyo wabwino sagona masana. Amagona usiku, ndipo thupi lake limatuwa akagona. Mukamuona watsinzina masana musakambe ati "alema cabe, apumula." Adwala.

Koma si zonse zimene ziyenela kukuthamangitsani magazi. Nthawi zina amatupitsa diso, kulizungulitsa mkati mwa cikope, kulikhuza pa nthambi, kenako kulitsegula bwino-bwino. Uko ni kusamba kwake. Cimene tikamba pano ni diso lotseka maola ambili, kapena tsiku na tsiku.

Cotsani mantha coyamba

Tonse tinakula na nkhani zake. Ambuya anatiuza za bilimankhwe amene anatumidwa na uthenga wa moyo, iye n'kumayenda mwa ulemu wake uja mpaka buluzi anamupitilila na uthenga wa imfa. Ena amati akakuluma sataya, ena amati malovu ake amapha maso. Zoona zake ni izi: bilimankhwe alibe poizoni. Akakwiya amafufuma, amada, amatsegula kamwa na kufwenkha kuti mumuope. Wamkulu angakulumeni pang'ono, koma kamwana sikangakucekeni olo khungu. Cimene muyenela kusamala ni tuzilombo twa Salmonella tumene nyama zokwawa zimanyamula, tumene tumatsegula m'mimba. Sambani m'manja na sopo mukakagwila, ndipo musakaike pafupi na mbale olo na mwana wakhanda.

Yang'anani diso lenilenilo

Khalani phee pafupi na keji, musakagwile, muone bwino.

Ngati maso alowa mkati monga a munthu amene watsegula m'mimba masiku atatu, kambili ni ludzu. Onani na zitosi zake. Mbali yoyela ija iyenela kukhala yoyela ndithu. Ikakhala ya cikasu kwambili olo ya olenji, madzi acepa m'thupi.

Ngati ni diso limodzi cabe, ndipo kalikhuza-khuza pa nthambi, mwina mwalowa fumbi, kacitsotso olo kakhungu kofundula. Tuana tumafundula pafupi-pafupi cifukwa tukula msanga, ndipo mphepo ikauma kakhungu kamakakamila pa cikope.

Ngati diso latupa, lituluka mafinya, olo zikope zamatana m'mawa, mwina ni matenda a tuzilombo. Nthawi zina amayambila m'mphuno na m'cifuwa. Mukaona kapuma na kamwa yotsegula, thovu pakamwa, mutu uli m'mwamba, apo zafika poipa.

Ngati vuto yabwela pang'ono-pang'ono, maso onse awili, ndipo mwakhala mukapatsa cakudya ca mtundu umodzi-modzi, ganizilani za kucepa kwa vitamini A. Iyi ndiye imasunga khungu la mkati mwa diso kuti likhale lonyowa komanso lamphamvu.

Pali cina cimene ambili saganizako: nyumba zathu. Utsi wa mbaula, koilo ya udzudzu, mankhwala opopela mphemvu, pefyumu na fumbi ya pa msewu, zonse izi zimalowa m'kabowo ka diso kaja. Babu yowala maningi yoikidwa pafupi na mutu wake nayo imaocha maso.

Zimene mungacite lelo lomwe

Yambani na madzi. Bilimankhwe samwa mu mbale. Mungaike kambale ka madzi mwezi wathunthu, iye n'kufa na ludzu pambali pake. Amanyambita madontho pa masamba, monga mame a m'mawa. Gulani kabotolo kopopela katsopano, osati kamene munali mankhwala a tsitsi olo ocapila. Thilani madzi owilitsa amene apola mpaka kufunda pang'ono cabe. Popelani masamba kawili olo katatu pa tsiku, mphindi ziwili-zitatu, kuti madzi agwe monga kamvula ka mawawa kucokela pamwamba. Musamulasile ku nkhope. Kambili mudzaona yekha ayamba kumeza na kuzungulitsa diso kuti alitsuke. Mungaboolenso kakapu ka pulasitiki na singano, kukaika pamwamba pa keji kuti kazidontheza pa tsamba.

Ngati mwaona kacitsotso, pitani ku kemisti mukagule saline, madzi aja a mu dilipu, osasakaniza na ciliconse. Donthezani dontho limodzi olo awili pa diso, kawili pa tsiku. Musakanule cikope na zala, musalowetsemo thonje olo kamtengo.

Kacotseni mu katoni, mu baketi olo mu botolo. Kafuna keji ya waya wa sefa yopita mphepo, yaitali kupita m'mwamba, yokhala na tunthambi toonda tokwana m'manja mwake na masamba amoyo obisalamo. Pansi musaike mcenga olo utuci, cifukwa ndiye zimene zimalowa m'maso. Nyuzipepala yakwana. Keji ikhale patali na khichini, pamwamba pamene pusi, galu na bana safika. Kakhale kokha. Bilimankhwe si nkhunda, safuna mnzake.

Ndipo lekani kukagwila-gwila. Tidziwa, mafoto afunika. Koma kwa iye dzanja lanu ni kabawi amene wabwela kudzamudya. Mukaona kada bii muli kukagwila, si masitayilo, ni mantha. Mantha a tsiku na tsiku amafooketsa thupi, matenda n'kupeza polowela.

Izi zokha musayese

Musathile mankhwala a maso amene anatsala pamene ambuya anadwala. Ena ali na steroid, ndipo diso likakhala na kacilonda amaliononga kothelatu. Musathile mkaka wa m'mawele, shuga, madzi a mcele osungunula mweka, aloe vera olo mafuta odzola. Musafinyile kapisozi ya vitamini A ya anthu m'kamwa mwake. Vitamini iyi ikaculuka imasanduka poizoni, ndipo kanyama kolemela ngati kakoini sikacedwa kupitilila muyeso. Muyeso ni nchito ya ba vet.

Dzuwa la m'mawa, osati la pa windo

Bilimankhwe afuna kuwala kwa dzuwa kochedwa UVB kuti thupi lake ligwilitse nchito calcium. Kukasowa, mafupa amafewa, miyendo imapindika, lilime limalephela kufyatuka. Galasi ya pa windo imatsekeleza kuwala kumeneku, so kuika keji pa windo yotseka ni kudzinamiza. Ku maiko ozizila anthu amagula mababu odula. Ise dzuwa tili nalo la mahala, ndipo silidziwa load shedding. Tulutsani keji m'mawa kwa ola limodzi, mbali ina pa dzuwa, mbali ina pa mthunzi, kuti kazisankha kokha. Khalani pafupi. Mu Okutobala samalani maningi, cifukwa kamwana kamauma msanga. Mu Juni na Julayi kalowetseni m'nyumba usiku. Kukada, zimani magetsi kagone mu mdima.

Nanga kadye ciani?

Kamadya tuzilombo twamoyo cabe. Nsima, buledi na mpunga si zake. Kacilombo kasapose kukula kwa mpata wa pakati pa maso ake awili. Kamwana kafuna kudya tsiku lililonse: tunchenche tuja tumazungulila nthoci yakupsa kwambili, tuziwala tung'ono, tunkhululu, inswa pa nthawi yake. Sinthani-sinthani. Pewani nunkhadala, ciwala ca mawanga-mawanga conunkha cija, cifukwa cili na poizoni. Pewani mphemvu za m'nyumba, nchenche za ku cimbudzi, na tuzilombo twa mu dimba mwamene apopela mankhwala.

Nzelu ina ni iyi: dyetsani cakudya cake coyamba. Sungani tuziwala mu kacitini kobooka tsiku limodzi, muziwapatsa kaloti, cibwabwa olo kalembula. Zimene zalowa m'mimba mwa ciwala ndiye zimene zidzalowa mwa bilimankhwe. Ngati kaphonya cifukwa ca diso, kasendezeleni ciwala pafupi, ku mbali ya diso labwino. Musakakanule kamwa na mphamvu.

Nthawi yokwela basi

Mwapopela madzi, mwakonza keji, papita masiku awili diso likali lotseka: pitani kwa ba vet. Ngati diso latupa, pali mafinya, maso onse atseka, kapuma movutika olo kagwa pa nthambi, musayembekeze olo tsiku limodzi. Ba vet angatsuke diso bwino, kupima ngati pali cilonda, na kupatsa mankhwala oyenela pa muyeso wa thupi lake.

Mu Lusaka, sukulu ya madokota a nyama ya Samora Machel pa UNZA, mu Great East Road, ili na kiliniki ya nyama. Aliponso ma vet a pulaiveti. Tumani foni coyamba, mufunse ngati amaona nyama zokwawa komanso ni zingati, cifukwa ambili anazolowela agalu, apusi na nkhuku. Ponyamula, ikani mu kabokosi kobooka, kanthambi kolimba mkati, kansalu pansi, ndipo mu minibasi kasakhale pa dzuwa olo pafupi na injini. Jambulani keji na zitosi zake muonetse dokota.

Funso lowawa: kanali kanu?

Bilimankhwe wofala kuno kwathu ni wa tumakutu twa khungu kumbuyo kwa mutu, amene asayansi amamucha Chamaeleo dilepis. Wamkazi amakumba dzenje, kuikila mazila, kukwilila na kupita. Mazila amakhala pansi miyezi yambili, nthawi zina pafupi caka. Tuana tukatuluka tumayamba kusaka tokha tsiku lomwelo. So kamwana kamene munapeza kokha pa heji sikanali ka masiye. Kanali pa nyumba pake.

Palinso lamulo. Nyama za m'chile zili pansi pa Zambia Wildlife Act ya 2015, ndipo oyang'anila ni a Department of National Parks and Wildlife, amene likulu lao lili ku Chilanga. Musanasunge olo kugulitsa nyama ya m'chile, funsani kumeneko za cilolezo. Malonda a abilimankhwe kupita kunja nawo ali pansi pa pangano ya maiko ya CITES. Munthu akakuuzani ati tolani ambili adzagula, dziwani kuti amene adzagwidwa nawo m'manja ndimwe.

Ngati mwakatola dzulo olo dzana ndipo maso ali bwino, kabwezeni pa mtengo womwewo, madzulo-madzulo, patali na msewu. Ngati kadwala kale, musakataye mu chile kali kosaona, cifukwa mbalame olo nyelele zidzakamaliza. Kacilitseni coyamba. Tsiku limene mudzaona maso onse awili ayenda, lilime lafyatuka, ciwala cagwidwa kamodzi n'kamodzi, funsani ba vet ngati nthawi yokabweza yakwana.

Ngati mtima wanu uli pa nyama zokwawa, sungani ya basi mukaone ng'ona na njoka ku Kalimba Reptile Park. Ndipo pa yadi panu siyani heji ikule, lekani kupopela mankhwala paliponse, uzani bana aleke miyala. Mvula ikabwela, bilimankhwe adzabwela yekha kudzakudyelani nchenche, ndipo foto mudzajambula ali pa nthambi yake.