Pepala lachitatu lija munachonga yani?

Pa 20 Meyi 2014, pasukulu ina mu Blantyre, anandipatsa mapepala atatu. Loyamba, la pulezidenti, ndinachonga osaganiza kawiri. Lachiwiri, la phungu, nkhope ziwiri zitatu ndinkazidziwa. Koma lachitatu, la khansala, ndinangoliyang'ana ngati mayeso a ku yunivesite amene ndinawasiya panjira aja. Ndinachonga chizindikiro cha chipani basi, dzina la munthuyo nkuliiwala ndisanatuluke pageti. Kaya anzanganu munachita mosiyana, koma ine ndaulula.

Musatinyoze msanga. Ife amene tinali ndi zaka za m'ma 20 nthawi imeneyo tinakula osamuona khansala. Makhonsolo amene anasiya a Kamuzu anathetsedwa mu 1995. Mu 1998 boma la a Bakili Muluzi linabweretsa lamulo latsopano la maboma ang'onoang'ono, ati mphamvu ku anthu, ndipo makhonsolo anayamba kutchedwa ma assembly. Chisankho chake chinachitika pa 21 Novembala 2000. Mwa anthu 100 alionse olembetsa, amene anapita kukavota anali 14 okha, ndipo UDF inakokolola mipando yoposa 600 mwa mipando pafupifupi 860. Nthawi ya makhansala amenewo itatha mu 2005, zii. Zaka 9 zathunthu mizinda yathu inkayenda popanda munthu ndi mmodzi yemwe wosankhidwa kukhonsolo.

Mavenda zaka zimenezo sangaziiwale. Mu Epulo 2006 boma la a Bingu wa Mutharika linawachotsa m'misewu pa chija ankati Operation Dongosolo. Kaya kunali koyenera kaya ayi, imeneyo ndi nkhani ina, poti kunena chilungamo misewu ya Limbe inali itapanikizika. Chondikhudza ine nchakuti wogulitsa kaunjika amene anasowa benchi mumsika watsopano analibe khansala woti amugwire malaya nkumufunsa kuti achimwene, ife tilowere kuti?

Tsono nkhani yagona apa. Mu 2010, makhansala kulibe, aphungu anakhala pansi ku Nyumba ya Malamulo nkulisoka mwatsopano lamulo lija. Dzina loti khonsolo linabwerera, zimenezo zabwinobwino. Koma mawodi anachepetsedwa, moti pofika 2014 dziko lonse linali ndi mawodi 462, mzinda wa Blantyre 23. Wodi ikakula ndiye kuti khansala mmodzi akusenza anthu ochuluka, ndipo ambiri mwa iwo sadzamuona mpaka nthawi yake ithe. Aphungu anadzipatsanso mphamvu yovota pa misonkhano ya khonsolo, chikhalirecho lamulo la 1998 linkawalola kukhalapo ndi kulankhula kokha. Ndipo mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo, uja amalamula ogwira ntchito onse mpaka odula matiketi mumsika, lamulo linati azimusankha ndi nduna. Taganizani, munthu wolembedwa ntchito ndi nduna ku Capital Hill angaope khansala wa ku Bangwe?

Fisi atamupatsa ntchito yomanga khola la mbuzi, khomo amalisiya mbali imene iye amadzera. Aphungu sankamufuna khansala chifukwa khansala wolimbikira lero ndi amene amadzawalanda mpando mawa. Komanso kuyambira 2006 panali thumba la chitukuko cha m'madera, CDF, limene aphungu anazolowera kuligwira okha. Mlatho ukamangidwa, dzina lotchuka likhale la onolebo.

Ngakhale chisankho chotsatira kusinthaku chinavuta kubadwa. Chinayenera kuchitika mu Epulo 2011, koma mu Disembala 2010 a Mutharika anatseka maofesi a bungwe loyendetsa zisankho pa nkhani ya ndalama zimene ankati sizikuoneka, chisankho nkufera pomwepo. Mu 2012, nthawi ya mayi Joyce Banda, ndi pamene malamulo anasinthidwa kuti pulezidenti, phungu ndi khansala tizivotera tsiku limodzi.

Ena amati taonani, mu 2014 anthu pafupifupi 70 mwa 100 alionse anavota, kusiyana ndi 14 aja. Zoona. Tsiku limodzili linatsekanso khomo loti boma lizizengereza chisankho cha makhansala mmene lafunira, chifukwa palibe angaimitse cha pulezidenti. Koma tisanamizane, khamu lija silinadzukire khansala. Khansala anangokwera matola pa lole ya pulezidenti. Pa misonkhano ya kampeni ankamuimika mphindi ziwiri, kukweza dzanja, kukhala pansi. Za zinyalala, za zimbudzi za mumsika, za ngalande zotsekeka, za kumene ndalama ya tiketi imapita, ndani anamufunsa?

Ndipo meya sitisankha ndife. Amasankhidwa kukhonsolo komweko, ndipo amakhala zaka ziwiri ndi theka. Mu 2014 ku Blantyre anasankhidwa loya, a Noel Chalamanda, ndipo mu 2017 mpando unapita kwa a Wild Ndipo. Wa tomato ku Limbe anangomva pa wailesi ngati zotsatira za mpira.

Zina zasintha. Mu Meyi 2025 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti aphungu kuvota m'makhonsolo nkosemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino, ndipo pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 mawodi anali atakwera kufika 509. Patenga zaka 15 kuti wina anene poyera chimene chinalakwika mu 2010.

Chisankho chimenecho chitadutsa ndinayenda mumsika wina kufunsa amalonda dzina la khansala wawo. Mayi wina wa usipa anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Anandiuza dzina la mnyamata wodula matiketi, mudzi wa kwawo, ndi nthawi imene amafika pabenchi pawo mmawa uliwonse. Za khansala anati ndikafunse amuna awo, ndi amene analandira tisheti.