Mlandu suwola, ngakhale woyimbayo atatchuka chotani

Pa 11 June 2010, pamene mpikisano wa mpira wa dziko lonse unkatsegulidwa pa bwalo la Soccer City mu mzinda wa Johannesburg, mmodzi mwa oyimba amene anapatsidwa ulemu woima pakati pa bwalolo anali R. Kelly wa ku America. Ambiri a ife tinaonera mwambowo pa kanema, ena m'nyumba, ena m'mashedi oonetsera mpira ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Pa tsikulo n'kuti patatha zaka pafupifupi 16 bamboyu chikwatirire mwana wa zaka 15, ndipo n'kuti nyuzipepala ya kwawo ku Chicago italemba kalekale za atsikana amene ankamudandaula. Nkhanizi sizinali zobisika, koma dziko linamuombera m'manja. Lero mkuluyu ali m'ndende, ndipo njira imene chilungamo chinayenda kuti chimupeze ili ndi phunziro kwa kholo lililonse.

Mu 1994 Kelly, ali ndi zaka 27, anakwatira mwachinsinsi woyimba wachitsikana Aaliyah, yemwe iye ankamuphunzitsa ndi kumujambulira nyimbo. Chikalata cha ukwati chinanena kuti mtsikanayo ali ndi zaka 18 pamene anali ndi 15. Patapita zaka 27, munthu amene kale ankayendetsa maulendo a woyimbayu anauza khoti kuti anapereka chiphuphu cha madola 500 kwa wogwira ntchito m'boma kuti apeze chiphaso chabodza cha mtsikanayo. Ukwatiwo unathetsedwa mu 1995, koma palibe amene anamangidwa. Mu 1996 mtsikana wina anamusumira ponena kuti anayamba kugona naye ali wamng'ono, ndipo nkhaniyo inathera kunja kwa khoti ndi ndalama. Mu 1998 Kelly analandira mphoto zitatu za Grammy.

Mu December 2000 nyuzipepala ya Chicago Sun-Times inatulutsa nkhani ya madandaulowa, ndipo mu 2002 mtolankhani wake Jim DeRogatis analandira tepi yoonetsa nkhanza zochitikira mwana, yomwe inaperekedwa kupolisi. Mlandu unakhala zaka zisanu ndi chimodzi usanazengedwe. Pofika mu 2008, mtsikana amene ankanenedwa kuti ali m'tepiyo sanabwere kudzachitira umboni, ndipo Kelly anapezeka wosalakwa. Anabwerera kukaimba, zimbale zake n'kumagulidwa ngati kale.

Zinthu zinayamba kusintha chifukwa cha amayi. Mu 2017 amayi awiri a ku Atlanta anayambitsa kampeni yopempha mawailesi ndi okonza zoimbaimba kuti asiye kumupatsa malo. Mu January 2019 kanema wotchedwa Surviving R. Kelly anaonetsa amayi akufotokoza okha zimene anakumana nazo ali atsikana, ndipo mwezi womwewo kampani yake yojambulitsa nyimbo inasiyana naye. Pa 27 September 2021 khoti la ku Brooklyn, New York, linamupeza wolakwa pa milandu yonse isanu ndi inayi, ndipo mu June 2022 anagamulidwa zaka 30. Chaka chomwecho ku Chicago, mtsikana wa m'tepi uja, tsopano ali mayi wa zaka 37, anaima m'khoti n'kunena kuti analidi iye, ndipo anali ndi zaka 14.

Ku Britain nako, woyimba Gary Glitter, amene anatchuka m'zaka za m'ma 1970, anagamulidwa zaka 16 mu February 2015 chifukwa cha nkhanza zimene anachitira atsikana atatu pakati pa 1975 ndi 1980. Mlandu woyamba mwa iyo unali utagona zaka 40. Makolo athu ananena kale kuti mlandu suwola.

Chimene chinachedwetsa chilungamo m'nkhani ya Kelly sichinali kusowa kwa malamulo. Khoti la ku Brooklyn linamva za oyendetsa galimoto, alonda ndi othandizira amene ankapereka nambala ya foni kwa atsikana, kuwagulira matikiti ndi kuwalondera pakhomo. Panalinso anthu ambiri amene ankadyera pa dzina lake, ndi mamiliyoni okonda nyimbo zake omwe sanafune kumva choipa chilichonse chokhudza munthu amene ankawasangalatsa. Mwana wa zaka 14 sangalimbane ndi khoma lotere.

Asilamu anzanga, khalidwe loteteza wotchuka Chisilamu chinalikana pachiyambi pomwe. M'mabuku a Hadisi a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya mayi wa fuko lolemekezeka la Banu Makhzum amene anaba. Akuluakulu a Chikuraishi anada nkhawa ndi manyazi a fukolo, natuma Usama bin Zayd, yemwe Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ankamukonda kwambiri, kuti akamupepesere. Mtumiki anakwiya, nasonkhanitsa anthu n'kuwauza kuti mibadwo yakale inaonongeka chifukwa inkamusiya wolemekezeka akalakwa n'kumalanga wofooka yekha, ndipo anatchula mwana wake Fatima kuti naye sakanamuleka. Ngati zinali choncho pa katundu wobedwa, nanga pa ubwana wa munthu? Ndime ya 135 ya Sura An-Nisa imatilamula kuimira chilungamo ngakhale chitatipweteka ife eni, makolo athu kapena abale athu, wolakwayo akhale wolemera kapena wosauka.

Ena amati zinachitika kale, munthuyo mwina analapa, tisiyire Allah. Khomo la kulapa ndi lotsekukadi kwa aliyense, ndipo palibe Shehe amene angalitseke. Koma Imam An-Nawawi, m'buku lake la Riyadh as-Salihin, anafotokoza kuti tchimo la pakati pa munthu ndi Mbuye wake lili ndi zofunika zitatu: kulisiya, kumva nalo chisoni ndi kutsimikiza kusabwereranso. Tchimolo likakhudza munthu wina pamakhala chachinayi, chomwe ndi kubweza ufulu wa wolakwiridwayo. Amene akukana mlandu, kuopseza mboni kapena kugula chete wa banja ndi ndalama sanafike pa chachinayicho. Hadisi ina ya m'buku la Muslim imafotokoza za munthu amene adzafike pa tsiku la Kiyama ndi Swala, kusala ndi Zakaat, koma zabwino zakezo n'kugawidwa kwa anthu amene anawachitira nkhanza mpaka iye kutsala chimanjamanja. Kupita kwa zaka sikuchotsa ngongole imeneyo. Kawirikawiri zakazo ndi zimene mwana amafunika kuti akule, amvetse chimene chinamuchitikira ndi kupeza mphamvu zolankhula, monga anachitira mayi wa ku Chicago uja.

Ena amati Msilamu amabisa aibu ya mnzake, ndipo kuulula ndi miseche. Kubisa kumene chipembedzo chimayamikira n'kwa munthu amene wadzilakwira yekha mseri. Wogwirira ana akabisidwa, amene amalipira ndi mwana wotsatira. Imam An-Nawawi yemweyo anatchula malo asanu ndi amodzi amene kunena choipa cha munthu kumaloledwa, ndipo mwa iwo muli kudandaula kwa woponderezedwa kwa amene angamuthandize komanso kuchenjeza anthu za choopsa. Ndime ya 148 ya Sura An-Nisa imapatsa wochitiridwa nkhanza ufulu wonena poyera choipa chimene wachitiridwa. Chofunika kubisidwa ndi dzina la mwanayo ndi ulemu wake.

Tichenjerenso mbali ina. Ndime ya 6 ya Sura Al-Hujurat imatilamula kufufuza nkhani tisanavulaze anthu mosadziwa. Kelly sanamangidwe ndi mphekesera za pa Facebook. Anamangidwa ndi umboni woperekedwa m'khoti, pamaso pa maloya ake, ndipo khoti la ku Chicago linamumasula pa milandu ina imene umboni wake sunakwane. Choncho ntchito ya amene wamva dandaulo la mwana si kulifalitsa pa WhatsApp kapena kusonkhanitsa gulu lokagenda nyumba. Ntchito yake ndi kumumvetsera mwanayo modekha, osamukalipira, kupita naye kuchipatala mwachangu ndi kukanena kupolisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena kuimba nambala yaulere ya 116. Kuno kwathu malamulo aakulu a dziko, chisinthidwire mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo chilango cha wogona ndi mwana chimatha kufika pa moyo wonse m'ndende. Mlandu wotere si wothera pa mkeka ndi mbuzi kapena envulopu.

Ife a m'mbali mwa nyanja nkhaniyi isatione ngati ya kutali. Magombe athu amalandira zoimbaimba zikuluzikulu, ndipo ana athu ambiri amalota zodzakhala oyimba. Munthu wodziwika akauza mtsikana wa Fomu 2 kuti ali ndi mawu abwino, abwere ku situdiyo yekha madzulo, kholo lizindikire kuti ndi mmene zinayambira kwa atsikana angapo a ku America aja. Mwana asapite kotero popanda wamkulu wa pabanja, ngakhale woitanayo akhale ndani.

Ndipo muyezo umene tikuyezera oyimba a kunja tiyezerenso m'nyumba mwathu. Kutchuka sikuli kwa oimba ndi magitala okha. Woimba kaswida wa mawu okoma, wotsogolera zikiri, mphunzitsi wa madrasa ndi ife ovala mikanjo timalandira ulemu womwewo umene umachititsa anthu kutseka maso. Makomiti a mizikiti ndi madrasa aonetsetse kuti ana sakuphunzira m'chipinda chotseka ali okha ndi mphunzitsi, ndiponso kuti mwana akudziwa mayi wodalirika amene angamuuze vuto. Dandaulo likabwera, wodandaulidwayo apatuke kaye pa ntchito ya ana mpaka ofufuza atamaliza. Kumusamutsira ku mudzi wina mwakachetechete ndi kupereka ana a kumeneko m'manja mwake.

Mtumiki anatiphunzitsa kuti m'bale wathu wopondereza timamuthandiza pomugwira dzanja kuti aleke. Ana ndi amana imene Allah anatisungitsa, ndipo pa tsiku lofunsidwa sitidzafunsidwa kuti wolakwayo ankaimba bwino motani. Allah ateteze ana athu, achize amene anavulazidwa ali aang'ono, ndipo atipatse kulimba mtima koima nawo.