Amisiri a makonde ku Chongwe

Ntchito yokonza makonde ku Chongwe imachuluka chakumapeto kwa chilimwe, nthawi yomwe Asoli amakhala pa kalikiliki wa mwambo wa Chakwela Makumbi, pomwe mfumu yawo, Nkomeshya Mukamambo II, imatsogolera anthu kupempha mvula. Eninyumba nawo amakumbukira mvula ya chaka chatha, momwe madzi ankadikhira pakhonde mpaka kulowa kunsi kwa chitseko, ndipo amayamba kufunsana kuti mmisiri wodalirika apezeka kuti.

Tauni ya Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka, potsata msewu wa Great East. Wodutsa pamsewuwu amaona nyumba zatsopano za ku Silverest ndi mapuloti omwe akungodulidwa tsiku ndi tsiku, n'kumaganiza kuti kumanga konse kuno n'kwatsopano. Koma kuli nyumba zakale zambiri: zapaboma, zam'mafamu, ndi za ku Chalimbana komwe maphunziro a aphunzitsi anayamba mu 1939. Kuyambira mu 1996, boma la Frederick Chiluba linagulitsa nyumba zambiri za makhonsolo ndi zaboma m'dziko lonse kwa anthu omwe ankakhalamo. Munthu yemwe kale ankadikira kuti akhonsolo abwere kudzamata ming'alu anadzipeza ali mwini nyumba, ndipo ming'aluyo inakhalanso yake.

Makampani akuluakulu omanga safuna ntchito yotereyi. Ndi yaing'ono, phindu lake n'lochepa, ndipo sudziwa chomwe ukapeze ukangoswa simenti yakale. Imatsalira amisiri oyenda okha, chikwama cha zida kumbuyo kwa njinga: mpeni womangira, levulo, chingwe, hamala ndi tepi. Fosholo ndi wilibala nthawi zambiri amabwereka kwa mwini nyumba kapena kwa oyandikana nawo.

Mmisiri wodziwa akafika sayamba n'kutchula mtengo. Amathira ndowa ya madzi pakhonde n'kuona komwe akulowera. Kenako amagogoda pansi ndi hamala, ndipo pomwe pakumveka phakaphaka amadziwa kuti dothi la pansi linatitimira, simenti yangolenjekeka. Makonde ambiri akale anawonjezedwa nyumba itatha kale. Anawamanga pa dothi longothira, lopanda maziko enieni, choncho nyumba imakhala chilili pomwe khonde likutsika pang'onopang'ono, mpaka mng'alu utatseguka pomwe ziwirizi zinakumana. Madzi a padenga akamagwera m'mphepete chaka ndi chaka amakokolola dothi lotsalalo, ndipo khonde limayamba kupendekera kukhoma. Nsanamira zamatabwa nazo zimaoneka zabwinobwino kunja chifukwa cha penti, m'kati chiswe chitamaliza kale.

Apa ndi pomwe mkangano umayambira. Mwini nyumba amafuna kuti angomata mng'alu n'kupaka utoto. Mmisiri amafuna kuswa zonse, kukumba, kuthira miyala ndi dothi lolimba n'kusinja, kupopera mankhwala a chiswe, kuyala pulasitiki yotchinga chinyontho, kenako n'kuthira konkire yopendekera kunja pang'ono. Zonsezi zimadya ndalama, komanso palibe chimodzi chomwe chidzaoneke ntchito ikatha. "Amayi, tikangomata pamwamba, mvula ikadzabwera mudzandiitananso," amatero mmisiri. Yankho lake limadziwika: "Inu a bilidala, mungofuna kuchulukitsa matumba a simenti." Ine ndimaona kuti mmisiri yemwe amavomera msanga zilizonse zomwe mwini nyumba wanena ndiye woyenera kumuopa.

Kukayikirana pa nkhani ya simentiku kuli ndi gwero lake. Mgwirizano wofala ndi woti mwini nyumba agule zipangizo zonse, mmisiri alandire za manja ake okha, theka poyamba ndi theka pomaliza, popanda cholembedwa chilichonse. Thumba la makilogalamu 50 limagulitsika mosavuta, ndiye eninyumba ena amawerenga matumba opanda kanthu madzulo alionse. Ena amachita kuumira, kulamula kuti thumba limodzi lisakanizidwe ndi mawilibala ambiri a mchenga, kenako khonde likayamba kufumbutuka amati mmisiri anaba. Simenti yokhayo sisowa: ya Chilanga, yomwe fakitale yake inayamba mu 1949, ya Dangote yochokera ku Copperbelt, ndi ya Sinoma zimapezeka m'mashopu a zomangira.

Pambuyo pa mmisiri pamakhala dakaboyi, mnyamata wosakaniza matope, wotunga madzi ndi wonyamula mabuloko. Amisiri ambiri anayambira pomwepa. Mnyamata amayang'anitsitsa kwa zaka, tsiku lina bwana wake n'kumupatsa mpeni kuti amalize mzere wa kuseri komwe sikuoneka, ndipo akakhoza amayamba kupatsidwa ngodya. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, limayesa ndi kupereka ziphaso ngakhale kwa anthu omwe anaphunzirira pantchito, ndipo National Council for Construction imalembetsa makontirakitala m'magiredi kuyambira 1 mpaka 6. Koma wofuna kukonzetsa khonde safunsa pepala. Amafunsa kuti, "Munamangapo kwa ndani?" n'kupita kukaona yekha.

Kalipentala amabwera pa denga, ndi matabwa a paini omwe ambiri amachokera m'nkhalango za kampani ya ZAFFICO ku Copperbelt kudzera pamsika wa Buseko ku Lusaka. Koma gawo lake likuchepa, chifukwa anthu atopa ndi chiswe ndipo akufuna nsanamira zachitsulo, ndiye ntchito ikupita kwa owotcherera. Miyala ya konkire ina imachokera kwa amayi omwe amaswa ndi hamala m'mbali mwa misewu n'kumagulitsa pa wilibala. Mwa onse okhudzidwa ndi khonde limodzi, iwowa ndi omwe amalandira zochepetsetsa.

Chomwe chimavuta kwambiri ku Chongwe ndi madzi. Konkire imafuna kuthiriridwa kwa sabata yathunthu, ndipo imafika pafupifupi pa mphamvu yake yonse pakatha masiku 28. Koma miyezi yomwe anthu amakonzetsa makonde ndi yomweyo yomwe mtsinje wa Chongwe umaphwa, ndipo pakhala zaka zomwe damu lomwe tauniyi imadalira linauma, mipopi n'kukhala gwa. Banja lomwe likugula madzi akumwa pa chigubu silingathire madiramu pansi mosawerengera. Amisiri ochenjera amafunditsa konkire ndi mchenga wonyowa kapena matumba a simenti akale kuti chinyontho chisathawe. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi m'damu la magetsi la Kariba, magetsi ankazima kwa maola ambiri pa tsiku, ndipo owotcherera ena ankagwira ntchito usiku, nthawi yomwe magetsi abwera.

Pali luso lina lomwe likutha. Makonde akale anali ofiira, simenti yosakaniza ndi ufa wa okusaidi, yosalazidwa ndi chitsulo pa nthawi yake yeniyeni, isanaume komanso isali yamadzi, kuti amayi akapaka polishi wa Cobra pazinyezimira. Achinyamata ambiri sadziwanso kuchita izi chifukwa aliyense akufuna matailosi, ngakhale aja oterera omwe amagwetsa agogo mvula ikawaza. Pa denga napo pali ngozi yomwe sikambidwa: nyumba zambiri zakale zinafoleredwa ndi asibesitosi, ndipo anyamata amadula mapepalawa ndi galainda opanda chotchinga kumphuno, pomwe fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo omwe amadzaonekera patapita zaka zambiri.

Masiku ano mmisiri akaitanidwa pakhonde, nthawi zina sakhala akuitanidwira kudzalikonza. Ena amafuna litchingidwe ndi zitsulo kuyambira pansi mpaka kudenga poopa akuba. Ena amafuna limangidwe makoma, likhale kagolosale kapena chipinda chochititsa lendi kwa ophunzira a pa yunivesite ya Chalimbana. Ntchito imeneyi amisiri amaikonda, chifukwa imakhala ndi mabuloko ambiri, pulasitala, zenera ndi chitseko, ndipo malipiro ake amaposa a kukonza khonde.